Wodwala mmodzi, maina a matenda asanu

aNabanda, namwino wa amayi ndi ana, Angónia:
Moni nonse pagulu pano. Tithandizane nzeru pa nkhani iyi. Tiyerekeze mayi wa zaka 28 amene wachira mwana wachitatu miyezi iwiri yapitayo. Tulo sakupeza. Nsima akungotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Mwana akalira akungomuyang'ana ngati si wake. Mukamufunsa akuti paliwombo pakutentha, mtima ukuthamanga, m'thupi mukuyenda zinthu. Apongozi akuti ndi ulesi. Mwamuna akuti walodzedwa chifukwa chaka chatha anakolola mbatatesi zochuluka kuposa anzawo. Kumpingo akuti ndi chiwanda, asale kudya masiku atatu. Asing'anga akuti mizimu ya kwawo yakwiya poti maliro a mayi ake sanawalongosole. Ife pa ficha talemba depressão pós-parto, kutanthauza kukhumudwa kwakukulu kwa mayi amene wachira.

Sindikufunsa kuti wolondola ndani. Chimene chikundivuta n'chakuti banja limapita konseko, koma kulikonse limabisa kumene lachokera. Kwa ife sanena za asing'anga poopa kukalipiridwa, kwa asing'anga sanena za mapiritsi, kumpingo sanena zonse ziwiri. Aliyense akuthandiza mumdima. Tingachite bwanji kuti zimene aliyense waona zifike pamodzi, wodwalayo osapwetekedwa pakati?

aMbewe, tekiniko wa psiquiatria (matenda a maganizo):
Zikomo amayi. Kumvera mbali zonse sikutanthauza kuti zonse zilowe pakhomo nthawi imodzi. Choyamba ndi thupi, ndipo apa sindinyengerera. Munthu aliyense amene wasintha khalidwe ayezedwe kutentha kwa thupi, malungo, shuga, kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwa magazi, ndi HIV ngati sakudziwa mmene alili. Afunsidwe mankhwala onse amene akumwa ndi tsiku limene anamwa mowa komaliza. Pa mayi wochira kumene onjezani kununkha kwa zotuluka, kupweteka kwa pachinena, mutu waukulu ndi kuona ngati nyenyezi m'maso, poti kuthamanga kwa magazi kwa pathupi kumatha kumugwira munthu ngakhale atachira kale.

Pali chizindikiro chimene aliyense pano achiloweze. Kusokonezeka kwayamba m'maola kapena masiku ochepa, m'mawa munthu ali bwinoko, usiku wabalalikiratu, sakudziwa kumene ali, akutolatola zinthu zosaoneka pachofunda. Imeneyo si misala. Ndi ubongo umene ukuvutika ndi matenda a m'thupi: malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga, kapena kusiya kachasu mwadzidzidzi. Wa kachasuyo amayamba kunjenjemera tsiku loyamba, tsiku lachiwiri kapena lachitatu n'kumaona njoka ndi tizilombo pakhoma, ndipo atha kufa. Oterewa malo awo ndi Banco de Socorros, kumene chipatala chimalandirira odwala mwadzidzidzi, tsiku lomwelo, osati kukagona pakhomo pa asing'anga kapena kukapemphereredwa kuphiri.

Chachiwiri ndi ngozi: kodi akuganiza zodzipha kapena zopweteka mwana? Ziwirizi zikatha, ndiye tikhale pansi timve maina asanu aja bwinobwino.

aNgozo, sing'anga, Tsangano:
AMbewe mwanena zoona. Ife a AMETRAMO, bungwe la asing'anga a ku Mozambique, timakumbutsana zomwezo: wotentha thupi, wouma khosi, wokomoka, wotsokomola milungu iwiri, wapakati amene akutaya magazi, ameneyo si wathu, apite kuchipatala. Koma ndinene chifukwa chimene anthu amayambira kwa ife. Kuchipatala munthu amafunsidwa kuti chikupweteka n'chiyani. Kwathu amabwera ndi funso lina: bwanji ineyo, bwanji chaka chino? Piritsi siliyankha limenelo.

Komanso kwathu munthu sabwera yekha. Amabwera ndi malume ake, mwamuna wake, mwina ndi agogo, ndipo timakhala pamphasa theka la tsiku. M'theka la tsikulo mumatuluka zambiri: munda umene akulimbirana, ngongole ya pamaliro, mwamuna amene wapeza wina ku Moatize, mayi amene anaikidwa m'manda mwana wake ali kutali osaponyamo dothi. Tikamati mizimu yakwiya, kawirikawiri pansi pake pamakhala chinthu chimene banja linasiya osakonza. Abale akasonkhana patsinde pa msolo, ufa uli m'manja, dzina la malemu likutchulidwa, wodwala uja amaona kuti vuto lake lasanduka la mbumba yonse. Zimenezo musazitche umbuli.

aMbewe:
Sindingazitche umbuli bambo, ndipo mwatchula chimene chipatala chimaperewera. Dokotala wina wa ku America, Arthur Kleinman, m'zaka za m'ma 1970 analemba mafunso 8 oti wachipatala azifunsa kuti amve mmene wodwala akuonera matenda ake. Ndawakonza kuti agwirizane ndi kwathu kuno. Vutoli inu mumalitcha chiyani? Mukuganiza kuti chayambitsa n'chiyani? Bwanji layamba nthawi imeneyi? Likukulepheretsani kuchita chiyani pakhomo? Chimene mukuopa kwambiri n'chiyani? Mwapita kale kuti, ndipo anakupatsani chiyani? Mukuyembekeza thandizo lotani? Amatenga mphindi 10 kapena 15.

Mafunsowa amalephera m'njira zitatu. Yoyamba ndi chilankhulo. Consulta ikachitika m'Chipwitikizi, mwamuna n'kukhala womasulira, mayi amene akumenyedwa ndi mwamunayo sanganene kanthu, ndipo ngakhale anene sizifika. Wodwala amvedwe payekha kaye, abale pambuyo. Yachiwiri ndi kafunsidwe. Mukati "munapita kwa asing'anga?" nkhope itachita tsinya, yankho ndi ayi. Nenani kuti "anthu ambiri akamavutika chonchi amayamba afunsa kwa akuluakulu kapena kumpingo, inu anakuuzani chiyani?" ndipo mudzamva zonse, mpaka mtundu wa mizu. Yachitatu ndi kulemba. Wodwala akati "ndikuganiza kwambiri", lembani mawu omwewo pa ficha pambali pa dzina lachipatala, kuti amene adzamuone mwezi wamawa adzafunse ndi mawu ake omwe.

Kuganiza kwambiriko si mawu achabe. Anzathu a Chishona amati kufungisisa, ndipo buku la madokotala a maganizo la DSM-5 la 2013 linalemba mawu amenewo. Munthu wa kwathu sabwera kudzati "ndakhumudwa". Amabwera ndi mutu, mtima, msana, kufooka. Akapatsidwa paracetamol kachitatu m'miyezi iwiri malungo osapezeka, ndiye kuti pali funso limene silinafunsidwe.

aMwale, katekisiti, Dómuè:
Ndilankhule za mpingo mosabisa. Pemphero ndi thandizo lenileni. Kwaya, miphakati, amayi obwera kudzasinja ndi kudzatunga madzi, zonsezi zimamudzutsa munthu amene wadzitsekera m'nyumba. Koma pali zinthu ziwiri zimene atsogoleri tileke. Kusalitsa kudya mayi woyamwitsa, wa shuga, kapena womwa ma ARV ndi kumuwonjezera matenda. Ngati pakufunika kusala, asale abale athanzi m'malo mwake. Chachiwiri ndi kuuza munthu kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro. Amaoneka bwino mwezi umodzi kapena iwiri chifukwa mphamvu ya mankhwala sinatheretu, aliyense n'kuyamika, kenako matenda amabwerera ndi ukali, ndipo tsopano amadziona wolephera pamaso pa Mulungu.

Funso limene timakumana nalo kwambiri ndi la mawu ndi masomphenya. Mayi wamasiye akamva mawu a malemu mwamuna wake akumuitana madzulo, kapena akamuona m'maloto, zimenezo si zachilendo ayi pa munthu wolira. Ine sindiyang'ana ngati chinthucho n'chodabwitsa, ndimayang'ana chimene chikuchita pa moyo wake. Kodi akugona? Akusamba, akulima, akudya ndi anzake? A mpingo wake omwe akuziona ngati zachizolowezi, kapena nawonso akudabwa? Mawu akakhala omutukwana tsiku lonse, omulamula kuti adzipweteke, kapena munthu wagona maola awiri okha kwa mlungu wathunthu koma akulalikira pamsika n'kumagawa katundu wa m'nyumba, timupempherere tili pa chapa popita kuchipatala.

aNaphiri, APE (wazaumoyo wa m'mudzi), Tsangano:
Ife timalowa m'nyumba, ndiye timaona zimene sizifika pa consulta. Pali mafunso awiri oyambira, otengedwa pa pepala la mafunso 9 loyezera kukhumudwa lotchedwa PHQ-9. Pa milungu iwiri yapitayi, ndi masiku angati amene simunasangalale ndi zinthu zimene munkazikonda? Ndi masiku angati amene mtima unali wolemera, wopanda chiyembekezo? Akati masiku ambiri pa limodzi mwa awiriwa, pitirizani ndipo mulembereni guia, kalata yomutumizira kuchipatala. Osafunsa muli chiimire pabwalo ana akumva. Khalani pansi, funsani za munda ndi za mwana kaye.

Za kudzipha funsani molunjika: "Pamene zakuvutani chonchi, mumaganizako zoti bola kufa? Mwaganizapo zodzipweteka?" Kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu, ambiri amapumira m'mwamba kuti wina wafunsa. Akavomera, funsani ngati wakonza njira ndi tsiku. Ngati wakonza, asasiyidwe yekha ngakhale popita kumadzi, zoopsa zichotsedwe pakhomo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi munthu wamkulu.

Kwa amene vuto lawo silinafike pamenepo, njira ya Friendship Bench imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Harare, yogwiritsa ntchito agogo ophunzitsidwa, ndi yoti tingatengerepo. Amakumana kasanu ndi kamodzi. Munthu amatchula mavuto ake onse, n'kusankha limodzi lokha limene angathe kuligwira, n'kuganiza yekha njira zingapo, n'kusankha imodzi, n'kunena tsiku ndi nthawi imene akachite. Mlungu wotsatira mumaona limodzi kuti zinayenda bwanji. Pamene zimalakwika ndi pamene wothandizayo ayamba kulangiza ngati namkungwi. Njira ikachokera kwa inu, sakaichita. Ndiponso akasankha vuto lalikulu ngati umphawi, muthandizeni kulidula mpaka lifike pa kanthu ngati "Lachinayi m'mawa ndikapempha achemwali atenge mwana wamkuluyu milungu iwiri."

aJere, mlangizi wa ulimi ndi ziweto, Macanga:
Mbali imene simunaitchule ndi nkhokwe ndi thumba. Maganizo a mlimi amatsata nyengo. Januwale ndi Febuluwale chimanga chatha, anthu ali paganyu, m'nyumba mikangano. Nthawi yogulitsa fodya, bambo amene anatenga feteleza pangongole amapeza kuti akadula ngongoleyo chotsala sichikwana kulipira amene anamugwirira ntchito. Amene anagulitsa bwino naye amatha kumwera ndalama zonse n'kuchita manyazi kubwerera kunyumba. Chilala cha 2024 chinaonjezera zonsezi. Choncho pofunsa wodwala, funsani kuti nkhokwe ifika mwezi uti, ali ndi ngongole kwa ndani, ndipo ayenera kubweza liti. Tsiku lobweza ngongole ndi tsiku loti wina akhale naye pafupi.

Bungwe la WHO limati pa imfa zisanu zilizonse za kudzipha padziko lonse, pafupifupi imodzi ndi ya mankhwala ophera tizilombo a kumunda. Nthawi zambiri munthu amachita zimenezi mumphindi zochepa za mkwiyo kapena manyazi, chifukwa botolo lili pafupi. Mankhwalawa azikhala m'bokosi lokiya, kunja kwa nyumba yogona, kiyi ali ndi munthu wina. Gulani okwanira ntchito ya tsikulo, ndipo osawathira m'botolo la zakumwa. Munthu akamwa, osamusanzitsa, osamupatsa mkaka kapena madzi a mchere. Mvuleni zovala zimene zanyowa ndi mankhwalawo, mgonekeni chammbali, thamangani naye mutatenga botolo lake.

Chinanso ndi pelagra, matenda a anthu odya nsima yokha popanda mtedza, nyemba kapena nsomba. Khungu limada n'kukakala ngati lapsa pakhosi mozungulira, kunja kwa manja ndi pamapazi, pamene pamawomba dzuwa. Kenako kutsegula m'mimba, kenako kuiwalaiwala ndi kusokonezeka. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa anzathu amene anathawira kumwera kwa Malawi anadwala matendawa mtedza utasiya kugawidwa. Agogo akayamba kulankhula zosamveka m'nyengo ya njala, yang'anani khosi ndi manja musanaganize zina.

aNabanda:
Ndionjezere apo. Isoniazida, amene timapereka poteteza TB kwa anthu a HIV, amatha kudzutsa pelagra mwa munthu amene akudya moperewera. Chithandizo ndi nicotinamida 300 mg patsiku kwa milungu itatu kapena inayi, ndi nsinjiro mu ndiwo tsiku lililonse. Kusokonezeka kuja kumayamba kuchepa m'masiku ochepa.

aJere:
Ndi nkhumba zomwe. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2010 anapeza kuti ku Angónia pafupifupi nkhumba imodzi mwa zitatu zilizonse inali ndi tizilombo timene timaoneka ngati timikanda toyera mu nyama, tija ambiri amati masese. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino amakhala ndi nyongolotsi yaitali m'mimba. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo amene wameza mazirawo kudzera m'manja, m'madzi kapena m'ndiwo zosatsuka, tizilomboto timatha kukakhala mu ubongo wake, ngakhale iye sadya nkhumba. Munthu wamkulu akayamba kugwa khunyu asanagwepo ali mwana, ganizirani zimenezi. Chimbudzi chokhala ndi chitseko ndi khola la nkhumba zimateteza ubongo wa mudzi wonse.

aMbewe:
Pa khunyu ndinene zofunika. Salowa mwa munthu wina kudzera m'thovu kapena mpweya, choncho womugwira asaope. Mchotseni pamoto kapena pamadzi, ikani chitenje pansi pa mutu, osaika supuni kapena chala m'kamwa, akasiya kugwedezeka mgonekeni chammbali. Zikapitirira mphindi 5, kapena wagwanso asanatsitsimuke, thamangani naye. Fenobarbital kapena carbamazepina amamwa tsiku lililonse ngakhale asakugwa. Kusiya timakuganizira pakatha zaka ziwiri asanagwe, mochepetsa pang'onopang'ono, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa kosalekeza. Mankhwala awiriwa amafooketsa njira yolera ya pamkono komanso dolutegravir wa mu piritsi la ma ARV la TLD, ndiye amene akupereka ma ARV kapena zolera ayenera kudziwa. Valproato, mankhwala ena a khunyu, sitipereka kwa mayi woti atha kutenga pakati pokhapokha palibe njira ina.

aNgozo:
Zonsezi ndamva. Koma aMbewe ndikufunseni chovuta. Mumatidzudzula pa nkhani ya unyolo. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 22, wamphamvu, wasuta chamba, watenga chikwanje, akuti mayi ake ndi mfiti. Chipatala chili pa makilomita 40, mvula yadula msewu, mwini galimoto akukana kumunyamula. Banja lichite chiyani usiku umenewo? Kunena kuti osamanga n'kosavuta uli mu ofesi. Ndipo ena amene timawatumiza kwa inu amabwerako khosi litapindika, maso ali m'mwamba, dovu likuchucha. Abale amati chipatala chakwiyitsa mizimu, mapiritsi n'kuwataya m'chimbudzi.

aMbewe:
Funso labwino, ndipo lachiwirilo ndi mlandu wathu achipatala. Haloperidol, mankhwala amene timapereka kwa wosokonezeka maganizo, amatha kuumitsa minyewa m'masiku oyamba, makamaka kwa anyamata: khosi kupindika, lilime kutuluka, maso kutembenuka. Ena amalephera kukhala pansi, amangoyendayenda. Biperideno amathetsa kuumako msanga, ndipo tikayamba haloperidol ndi mlingo wochepa, 1.5 mpaka 3 mg patsiku, sizichitika kawirikawiri. Cholakwa ndi kupereka mankhwala osachenjeza. Banja likauzidwa tsiku loyamba kuti "mukaona izi si mizimu, bwerani tidzakonze", limabwera. Inunso mukaona wotere, mtumizeni msanga ndi mapiritsi ake m'manja. Womwa clorpromazina, mankhwala ena a matenda omwewa, azivala chipewa, khungu lake limapsa ndi dzuwa, ndipo dzuwa la ku Tete ndi Changara mukulidziwa.

Za usiku uja. Gulu la anthu libalalike, ana achoke, chifukwa munthu wamantha akazunguliridwa amamenya. Makasu, nkhwangwa ndi mipeni zichotsedwe mwakachetechete. Alankhule munthu mmodzi yekha, amene iye amamukhulupirira, ataima patali mamita awiri, osatseka khomo, mawu ali pansi. Osatsutsana naye za ufitiwo, osavomerezanso. Anene kuti "ndikuona kuti ukuchita mantha, ndili nawe pano." Mayi amene akumunenayo akagone kwina. Mpatseni madzi ndi chakudya. Ambiri amatsika ndi zimenezi. Ngati palibiretu njira ina koma kumugwira kuti afike kuchipatala, zikhale zitenje osati unyolo, waya kapena chingwe cha ng'ombe. Asagonekedwe chafufumimba, wina asamukhalire pachifuwa, chifukwa anthu amafa posowa mpweya. Wina akhale naye nthawi yonse akuyang'ana ngati manja sakutupa. Kumeneko ndi kugwira kwa maola a ulendo. Chimene timakana ndi kumangirira munthu pamtengo miyezi, zilonda zili m'miyendo.

Ndipo musaganize kuti thandizo lili ku zipatala za matenda a maganizo za ku Infulene ku Maputo kapena ku Nampula kokha. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa matekiniko a psiquiatria mu 1996 n'cholinga choti munthu athandizidwe m'boma lake. Amene amaiwala mapiritsi tingathe kumubaya jekeseni wa flufenazina pa milungu iwiri mpaka inayi iliyonse.

aNgozo:
Ndiye tigwirizane malire. Nsembe, kusamba, kutsirika nyumba, kuyanjanitsa abale, zimenezo zipitirire wodwala akumwa mapiritsi ake. Zakumwa zosanzitsa ndi zotsegula m'mimba ziime, poti zimatulutsa mapiritsiwo asanagwire ntchito. Mphini, lezala latsopano munthu aliyense. Inunso mukamutulutsa, mutiuze kudzera mwa abale chimene mwapeza, ngati mwini wake walola.

aMaseko, nyakwawa, Angónia:
Pa malire amenewo ndionjezere limodzi, aNgozo: kutchula dzina la wolodza. Kumeneko n'kumene mudzi umapsa. Amene amatchulidwa kawirikawiri ndi agogo aakazi okhala okha, ndipo ena mwa iwo ali ndi matenda oiwala a ukalamba. Amadzuka usiku, amasochera, amapezeka pakhomo pa eni ake atavula, ndipo mukawafunsa mwaukali amavomera chilichonse. Wotero afunika mdzukulu womuyang'anira, osati bwalo la milandu.

Ndinenenso za nkhondo. Inatha pa 4 Okutobala 1992, koma ana amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu ali ndi zaka 10 lero ndi makolo a zaka zopitirira 40. Alipo amene amadzidzimuka tayala likaphulika, amene amalota akuthamangitsidwa, amene sagona popanda kachasu. M'madera ambiri a dziko lino amene anabwera kuchokera kutchire ankasambitsidwa asanalowe m'nyumba, zovala n'kuzitentha, ndipo nkhaniyo inkatsekedwa kuti anthu akhalirane. Achipatala amati munthu alankhule kuti apepukidwe. Ife tinaphunzira kuti kufukula kumadzutsa udani, poti amene anachita ndi amene anachitiridwa amatunga pachitsime chimodzi. Apa sindikudziwa kuti tikumana pati.

aMbewe:
Tikumana pafupi kuposa mmene mukuganizira, mfumu. Nafenso sitikakamiza munthu kufotokoza zoopsa zimene anaona, ndipo WHO imaletsa kukhazika anthu pansi kuti afotokoze zonse nthawi imodzi ngozi itangochitika. Amene mwambo unamukwanira, akugona ndipo akulima, asiyidwe. Koma amene zaka 30 zapita akulotabe, akumwa kuti agone, akumenya a m'nyumba, kutseka kuja sikunamugwire. Ameneyo alankhule ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa, m'chipinda, pa liwiro lake, osati pabwalo.

aNkhoma, mphunzitsi wa sekondale, Moatize:
Mwachidule za kusukulu. Atsikana akayamba kukomoka motsatizana, monga zinachitikira pa sukulu ya Quisse Mavota ku Maputo mu 2010, chimene chimafalitsa ndi kuonerera. Amene wagwa achotsedwe pagulu, aliyense payekha, mafoni asajambule, ndipo namwino aone za njala, kuchepa magazi, malungo, khunyu ndi pakati. Kenako mphunzitsi wamkazi afunse mwakachetechete za kunyumba, za mayeso, ndi ngati pali wamkulu amene akumuvutitsa. Makolo akafuna pemphero kapena mwambo, uchitike ana atapita kwawo. Nkhanza zikapezeka, nambala yaulere ya Linha Fala Criança ndi 116.

aNabanda:
Ndibwerere kwa mayi wathu uja ndi zimene mwandipatsa. Tsiku loyamba ndimuyeza thupi ndi magazi, ndimufunsa payekha za kudzipha, za mwana ndi za nkhanza. Ndisiyanitsa zitatu. Kulira kwa masiku oyamba atachira kumatha pasanathe milungu iwiri. Kusokonezeka kwenikweni, kumene kumagwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000 alionse, kumayamba msanga, mayi sagona n'komwe, amamva mawu kapena kukana mwana, ndipo ameneyo agonekedwe m'chipatala. Wathuyu ali pa chachitatu, kukhumudwa kwakukulu kumene kwatenga milungu. Mwamuna ndimufunsa za ngongole ndi nkhokwe. Mwambo wa maliro a mayi ake uchitike, koma popanda zakumwa ndi popanda kutchula wolodza. Kumpingo asale ena, amayi abwere kudzathandiza ntchito. ANaphiri azimuyendera mlungu uliwonse ndi kope limodzi limene lizikhala pakhomopo, aliyense womuthandiza azilembamo tsiku ndi chimene wapereka. AMbewe, mankhwala?

aMbewe:
Poti akuyamwitsa, tiyambe ndi zokambirana ndi thandizo la pakhomo. Ngati sakusintha kapena vutolo ndi lalikulu, mankhwala pa mlingo wochepa, mwana akuyang'aniridwa, kuyamwitsa osasiya. Sertralina akapezeka ndiye woyenera kuposa fluoxetina, amene amakhalitsa m'thupi. Musanapereke funsani ngati anakhalapo masiku angapo osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, akulankhula mosalekeza, chifukwa kwa woteroyo mankhwalawa paokha angamukweze mutu. Banja liuzidwe kuti kusintha kumaoneka pakatha milungu 4 mpaka 6, apo ayi adzataya pa tsiku la 10 akuti sakugwira. Akapeza bwino apitirize miyezi yosachepera 6. Ngati ndi amitriptilina, mapiritsi asunge munthu wina ndipo apatsidwe a mlungu umodzi umodzi, chifukwa akachuluka amawononga mtima.

aNabanda:
Chatsala ndi apongozi aja. Iwowo ndi amene ali pakhomo usana ndi usiku, ndipo mawu akuti ulesi ndi amene akumupweteka kwambiri mayiyu. Ine ndikawayankhula atenga ngati mwana akuwalangiza.

aMaseko:
Musapite nokha amayi, ndipo musayambe ndi kuwatsutsa. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi amene ali ndi chilolezo cholankhula m'banjamo. Afunseni apongoziwo kuti mpongozi wawo anali wotani asanachire. Adzanena okha kuti ankadzuka tambala woyamba, ankapalira ndime yake n'kuthandiza ya ena. Pamenepo afunseni ngati ulesi umayamba pa zaka 28. Kenako apatseni ntchito yoti ikhale yawo: azigona ndi khandalo kuyambira madzulo, azingolibweretsa kuti liyamwe n'kulitenganso, kuti mayiyo agoneko maola anayi kapena asanu osadukiza. Pa tsiku lobwerera kuchipatala, apongoziwo ndiwo amuperekeze, ndipo muwafunse iwo poyamba zimene aona pa mlunguwo.